Bowo Lachitatu

Chisanu cha Juni kuno ku Tsangano chimaluma zala,
ndiye ndadikira dzuwa lifike pakhumbi
ndisanavundukule chiguduli pa makina ako olimira, Firimino.
Nkhuku yaikira pansi pa injini.
Mazira awiri. Ndayamba ndachotsa amenewo.

Unandiuza pafoni uli ku Moatize,
mawu ako akulimbana ndi magalimoto a malasha:
"Uyambe oyilo, usathamangire chingwe."
Ndamasula kabawuti kakunsi,
oyilo wakale watsika mwaulesi, wakuda bii,
ndamulandira m'chitini.
Sinditaya. Ndipaka nsichi za khola, chiswe chikadye kwina.

Pulagi ndachotsa ndi sipanala yako yobenthuka ija.
Kumutu kwake mwaye wokhawokha.
Ndapala ndi kawaya, ndauzira,
mpata wake ndayeza ndi chikhadabo monga umachitira,
ngakhale changa n'chopyapyala kuposa chako.

Siponji ya mpweya inali itakhuta fumbi la chaka chatha,
fumbi la m'dimba la a Gelevaziyo
amene mpaka lero sanalipire.
Ndachapa ndi sopo, ndafinya,
ndayanika pampanda pamodzi ndi masokosi a Zinya.

Kumano ndiye kunali ntchito.
Kapinga ndi ulusi wa matumba a feteleza
zinakulungana mpaka kuuma ngati chingwe cha ng'ombe.
Ndadula ndi mpeni, pang'onopang'ono.
Dzino limodzi n'lopindika,
lija linagunda mwala pafupi ndi chitsime
tsiku lomwe unatukwana mpaka ana anagwa ndi phwete.
Ndaligoneka pamwala womwewo, hamala yaliwongola.

Lamba ndadinikiza ndi chala, walowa kwambiri.
Ndasuntha injini pang'ono, ndamanga,
ndadinikizanso. Tsopano akubweza chala.

Zonsezi unandiuza.
Chimene sunatchule ndi zogwirira.

Zili ndi mabowo atatu,
ndipo bawuti yakhala pa lapamwamba
chifikireni makinawa kuchokera ku Ulongwe
pangolo ya amalume ako.
Ndi msinkhu wako umenewo.
Utangochoka ndinayesa mzere umodzi,
zigongono m'mwamba ngati ndikuyanika zovala,
makina n'kundikoka mpaka m'ngalande.
Mapewa anandiwawa sabata yathunthu.
Sindinakuuze. Ndinabwerera ku khasu.

Lero bawutiyo yakana.
Dzimbiri linaikwatira kalekale.
Ndathira parafini, ndapita kukamwa tiyi,
ndabwera, ndagogoda, ndakanikiza ndi phazi pa sipanala.
Yalira kamodzi, kwee,
kenako yalola.

Bowo lachiwiri ndalidumpha.
Lachitatu penti yake yofiira ikadali yatsopano,
palibe chitsulo chinapitamo.
Ndalowetsa, ndamanga, ndaima kumbuyo,
manja anga agwera pamalo pake
ngati pa musi wanga womwe.

Kachitsulo kakumbuyo ndakatsitsa kuti kazigwira nthaka,
makina asamathamange kundisiya.
Pakuti dothi la kumunsi n'lofewa pamwamba pokha,
pansi pake ndi nkhutukumve.

Chingwe koyamba: zii.
Kachiwiri: katsokomola, kautsi.
Kachitatu nkhuku zonse zabalalika.

Ndakuimbira, koma sindinalankhule,
ndangoyandikiza foni pa injini.
Wamvetsera nthawi yaitali.
"Ikulira bwino," watero. "Wakukonzera ndani?"
Ndati palibe.
Wakhala chete, inenso chete,
injini yokha ikuyankhula pakati pathu
mpaka ndalama za m'foni zatha.

Mizere isanu ndi umodzi ndatembenuza dzuwa lisanapendeke.
Woyamba ndi wokhota, usadzauyang'ane.
Mbatata ya kachewere ilowa pansi Loweruka,
mbewu yatuluka kale maso m'dengu.

Ukadzabwera pa Khirisimasi
udzapeza zogwirira zikukufika m'chiuno.
Ukafuna udzawerama,
ukafuna udzakweza.
Bawuti ija ndaipaka girisi wambiri,
siidzakananso,
kaya kukwera, kaya kutsika.